Kodi Dongo Lingapoze Mtima wa Mwana?

Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambi umenewu umaphunzitsa kuti munthu amene wapezeka ndi vuto ndiye ayenera kuyamba kudzuka ndi kukafuna chithandizo, popeza palibe amene angamve ululu wa m'thupi la mnzake. Mawuwa ngoona kwa munthu wamkulu amene adziwa dzina la chimene chikumupweteka, nadziwanso khomo loti akagogode. Koma nanga mwana wa zaka 7 amene mayi wake adaikidwa m'manda dzana adzatsekula chitseko chiti? Iye amva kulemera pachifuwa, tulo timuthawa, nsima imukanika, koma mawu ofotokozera zimenezi alibe. Ngakhale akadakhala nawo mawuwo, mwambo udamuphunzitsa kale kuti mwana waulemu salongolola pamaso pa akulu.

Chifukwa cha ichi, akatswiri a zamaganizo m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito njira ina pothandiza ana osweka mtima. M'malo mowapanikiza ndi mafunso, amawapatsa dongo, makala, pepala kapena ng'oma, kuti manja afotokoze zimene pakamwa palephera. Njira imeneyi idafika ndi kuno ku Malawi, makamaka m'malo amene ana amakumanirako akaweruka kusukulu, otchedwa Children's Corner, ndiponso m'misasa ya anthu othawa ngozi, monga zidachitikira m'chigawo cha kummwera namondwe wa Freddy ataononga m'mwezi wa Malichi chaka cha 2023. Tsono funso loyenera kulisinkhasinkha ndi ili: kodi n'zoona kuti chinthu chachabechabe ngati dongo chingapoze mtima wa mwana? Ndipo ngati n'zoona, kodi munthu wamkulu amene wauza mwana kuti aumbe kapena ajambule wasenza udindo wotani?

Funsoli silili kutali ndi midzi ya ku Mitundu ndi ku Nathenje, kummwera kwa boma la Lilongwe. Dera limeneli ndi la chimanga, fodya, mtedza ndi ng'ombe, ndipo pa tsiku la msika mlendo angaganize kuti kulibe wodandaula. Komabe m'midzi yomweyo muli ana amene akuleredwa ndi agogo chifukwa makolo adatsogola, muli ana amene bambo wawo adapita ku Johannesburg osatumizanso ngakhale uthenga, ndiponso muli asungwana amene adalowa m'banja sukulu zitatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19 m'chaka cha 2020. Kalembera wa mu 2018 adaonetsa kuti pafupifupi theka la anthu a m'dziko lino ndi ana osakwana zaka 18. Nalo bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mwa achinyamata 7 alionse a zaka za pakati pa 10 ndi 19, mmodzi ali ndi vuto la m'maganizo. Chiwerengero chimenechi chikadafanana ponseponse, ndiye kuti m'kalasi ya ophunzira 70 mukadapezeka ophunzira 10 otere.

Chovuta n'chakuti chisoni cha mwana sichivala nkhope ya chisoni. Wamkulu akaferedwa amakhala pasiwa, amalira, ndipo anthu amabwera kudzamupepesa. Mwana akaferedwa kawirikawiri amatumizidwa kwa anansi kuti asaone maliro, mwinanso amauzidwa kuti amayi apita ku ulendo. Patapita milungu ingapo ayamba kukodzera pogona, kumenya anzake popanda chifukwa, kujomba kusukulu kapena kungokhala duu pakhonde. Akulu poona izi amati mwanayu wayamba mwano, ena amati ndi ulesi, enanso amathamangira kunena kuti walodzedwa. Palinso mwana wina amene savuta n'komwe: amasesa, amatunga madzi, amamwetulira alendo, ndipo onse amamutama kuti ngwolimba mtima. Ameneyu ndiye woopsa kwambiri, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kufupi ndi Nathenje kuli thanthwe lija lotchedwa Ngala ya Pakamwa, lomwe lidayasamula kalekale koma palibe adamvapo liwu lake. Ana ambiri ali chimodzimodzi.

Pofuna kumvetsa m'mene luso lithandizira, munthu ayerekeze mnyamata woweta ng'ombe kudambo, amene bambo wake adamwalira ndipo achibale adabwera kudzatenga ng'ombe zonse za pakhomo, iye n'kukalembedwa ganyu yoweta za eni. Mnyamatayu akafunsidwa kuti akumva bwanji, adzayankha kuti ali bwino, chifukwa ndilo yankho laulemu. Koma akakhala pansi ndi dongo, adzaumba ng'ombe zingapo, n'kuzimangira khola la timitengo, kenaka n'kuika kathole kamodzi kunja kwa kholalo. Wina akamufunsa mofatsa za katholeko, angathe kunena kuti kasochera, mayi wake adagulitsidwa, ndipo usiku kamaopa afisi. Mnyamatayu sadanene kanthu za iye mwini, koma wanena zonse.

M'chitsanzo chimenechi muli zinthu zitatu. Choyamba, dongo latulutsa kunja chinthu chimene chidali m'kati. Mantha akakhala mumtima alibe malire, amadzaza thupi lonse. Koma akaumbidwa amakhala ndi msinkhu, ndipo mwana amatha kuwayang'ana ali poteropo. Chachiwiri, dongo lamupatsa chobisalira. Kunena kuti "ndikuopa" n'kolemera, koma kunena kuti "kathole kakuopa" n'kopepuka, ndipo mwana amalankhula mpaka pamene iye mwini wafuna kulekezera. Chachitatu, dongo lamubwezera mphamvu. Pa imfa ya bambo wake ndi pa kulandidwa kwa ng'ombe palibe adamufunsa maganizo, koma pa khola ladongoli mwini ndi iye. Angathe kutsekula chipata n'kulowetsa katholeko, angathe kuumba galu woti akalondere, angathenso kuphwanya zonse n'kuyambiranso. Mwana amene zinthu zakhala zikungomuchitikira wapeza malo amodzi pamene iye ndiye wochita.

Nzeru imeneyi idayamba kulembedwa m'mabuku a zachipatala m'zaka za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mmisiri wina wa zojambula wa ku England, Adrian Hill, adagonekedwa m'chipatala ndi chifuwa chachikulu, ndipo adaona kuti kujambula kumamuchotsera nkhawa. Adayamba kuphunzitsa odwala anzake, ndipo m'chaka cha 1942 adaipatsa dzina njirayi, naifotokoza m'buku lake lomwe lidatuluka mu 1945. Ku America, Margaret Naumburg ndi Edith Kramer adaikuza njirayi pogwira ntchito ndi ana. Lero ndi ntchito imene munthu amaiphunzira ku yunivesite, ndipo mu 2019 bungwe la WHO lidatulutsa lipoti losonkhanitsa kafukufuku wochuluka woonetsa kuti zaluso zimathandiza pa umoyo wa munthu.

Ngakhale zili tero, pali anthu oganiza bwino amene amakayika, ndipo zifukwa zawo siziyenera kunyozedwa. Oyamba amati mwana sadya chithunzi. M'chaka cha 2024, pamene chilala chidachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi, mayi wa ku Mitundu amene nkhokwe yake idali mbee akadamva kuti kwabwera anthu odzaphunzitsa ana kujambula akadaseka chowawa. Kwa iye chisoni cha mwana chili m'mimba, ndipo mankhwala ake ndi ufa. Otsutsawa amati kupatsa mwana wanjala pepala ndi utoto ndi chipongwe, ndiponso ndi njira yothawira udindo weniweni, chifukwa pepala ndi lotchipa kuposa thumba la chimanga.

Mfundo imeneyi ili ndi choonadi chake. Aliyense amene angagwiritse ntchito luso pofuna kuti mwana aiwale njala, kapena kuti azolowere nkhanza zimene zikadatha kuletsedwa, walakwa. Komabe kunena kuti mtima udikire mpaka mimba itakhuta n'kuiwala kuti munthu sagawika pawiri. Mbiri ya dziko ili ndi umboni wa zimenezi. Mu 1942 mphunzitsi wina wa zaluso wa Chiyuda, Friedl Dicker-Brandeis, adatsekeredwa ndi a chipani cha Nazi mu msasa wa Terezín, m'dziko lomwe lero ndi Czech Republic. Mumsasamo mudali njala, nsabwe ndi imfa tsiku ndi tsiku. Mayiyu adasonkhanitsa zidutswa za mapepala n'kumaphunzitsa ana kujambula, ndipo ankawalimbikitsa kulemba maina awo pa zojambulazo, pamalo pamene munthu ankayesedwa nambala chabe. Asadatengedwe kupita ku Auschwitz, komwe adaphedwa mu 1944, adalongedza zojambula zoposa 4,000 m'masutikesi awiri n'kuzisiya pobisika. Ambiri mwa anawo adaphedwa, koma zojambula zawo zikusungidwa mumzinda wa Prague mpaka lero. Kujambula sikudawapulumutse ku imfa, ndipo palibe anganame kuti kudawakhutitsa. Chimene kudachita n'kuwakumbutsa kuti akadali anthu. Edith Kramer uja adaphunzirapo kwa mayi yemweyu nkhondo isadayambe. Tsono ngati ana a m'ndende yotere adafuna pepala, n'kovuta kunena kuti mwana wosauka alibe nalo ntchito. Ufa ndi dongo sizilimbirana malo: china n'cha mimba, china n'cha mtima, ndipo dongo la kudambo siligulidwa.

Otsutsa achiwiri amati zimenezi n'zachilendo. Iwo amati makolo akale adalera ana pakati pa njala, nthomba ndi nkhondo popanda kuwafunsa za mumtima, ndipo anawo adakula n'kukhala anthu olimba. Amati mwamuna salira, ndipo kuphunzitsa ana kutulutsa zakukhosi n'kuwafooketsa ndiponso kuwachotsa ulemu.

Amene amatero sadayang'anitsitse mwambo umene akuutetezawo. Kummwera kwa Nathenje, m'mapiri a ku Dedza, kuli dera la Chongoni, lomwe bungwe la UNESCO lidaliika m'kaundula wa malo ofunika a dziko lonse mu 2006. Kumeneko kuli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala. Zofiira zidajambulidwa ndi Akafula, pamene zoyera zambiri zidajambulidwa ndi Achewa, ndipo ofufuza adapeza kuti zina mwa izo zidali za chinamwali cha asungwana, zina za gule wamkulu. Ndiye kuti pa nthawi imene msungwana ankachoka ku ubwana, mtima uli phaphapha ndi mantha, anamkungwi sankadalira mawu okha. Ankajambula, ankaumba, ankaimba ndi kuvina, podziwa kuti pali zinthu zina zimene zimalowa mumtima kudzera m'maso ndi m'manja.

Si ku Chongoni kokha. Mayi wa ku Mitundu amene wasautsidwa ndi mwamuna kapena apongozi sangayankhe mwachindunji, koma akafika pamtondo amapeka nyimbo, ndipo mudzi wonse umamva popanda woimbidwa mlandu. Gule wamkulu, amene UNESCO idamulemekeza mu 2005, amadzudzula kuledzera, chiwerewere ndi umbombo kudzera m'zilombo, ndipo pamaliro amathandiza mudzi kutsazikana ndi womwalira. Nthano za pamoto zili ndi ana amasiye ambiri ozunzidwa amene pomaliza amapeza chipulumutso, ndipo mwana wamasiye womvetsera nthano yotere amadziwa kuti si iye yekha. Nawo masanje ndi sewero la ana lomwe amatengera za kunyumba kwawo. Gogo wanzeru akaona kamnyamata kamene m'masanje ntchito yake n'kumenya "mkazi wake" tsiku lililonse, safunikira kuuzidwa zimene zikuchitika pakhomo pa makolo ake. Choncho chachilendo ndi dzina ndi satifiketi chabe. Nzeruyo ndi yakale ngati mtondo.

Pamenepa m'pofunika kusiyanitsa kupirira ndi kubisa. Kupirira ndi khalidwe labwino: munthu amadziwa chimene chikumupweteka, amachivomereza, napitiriza ulendo. Kubisa ndi kukana kuti chilipo. Chithupsa chikaphimbidwa ndi nsalu sichipola, chimangotukusira m'kati mpaka chidzaphulikire posayenera. Ambiri mwa anthu amene amatamidwa kuti adakula osalira ndi omwe amapezeka akutha moyo wawo ndi kachasu, kapena akumenya ana awo monga momwe iwo adamenyedwera. Mwambo weniweni sudaletse kulira. Udangokonza malo ake, nthawi yake ndi nyimbo yake. Cholakwika n'chakuti malo amenewo akuchepa. Nthano za pamoto zikuzilala, mitondo yalowedwa m'malo ndi zigayo, koma lamulo loti mwana akhale chete latsala lili chilili.

Otsutsa achitatu ndiwo ali ndi mfundo yolemera koposa. Iwo amati kuuza mwana kuti ajambule zimene zidamuchitikira n'kutokosa bala. Mwana amene adaona nyumba ikukokoloka ndi abale ake ali m'kati, kapena amene adagwiriridwa, akakakamizidwa kujambula tsikulo amabwerera komweko, thupi n'kuyamba kunjenjemera ngati zikuchitikanso. Tsono wofunsayo nthawi yake ikatha amanyamuka, mwana n'kutsala ndi bala lotseguka. Apa otsutsawa akunena zoona, ndipo akatswiri enieni amavomereza.

Mayi wina wa ku Zimbabwe, katswiri wa zamaganizo a ana, Ncazelo Ncube, adakumana ndi vuto lomweli pogwira ntchito ndi ana amasiye a Edzi. Adaona kuti ana akamangofotokozedwetsa za imfa ndi mavuto awo ankalira kwambiri, ndipo owathandiza ankasowa chochita. Pamodzi ndi David Denborough wa ku Dulwich Centre m'dziko la Australia, adakonza njira yotchedwa Mtengo wa Moyo, yomwe idafalitsidwa mu 2006. Mwana aliyense amajambula mtengo. Mizu ndi kumene adachokera: mudzi, mfunda, agogo, nyimbo ya kwawo. Nthaka ndi moyo wake wa lero. Thunthu ndi maluso ake. Nthambi ndi zimene akulakalaka m'tsogolo. Masamba ndi anthu ofunika kwa iye, amoyo ndi omwalira omwe. Zipatso ndi mphatso zimene adalandira kwa anthu, monga chikondi kapena malangizo. Akatha, ana amapachika mitengo yawo pamodzi kuti ikhale nkhalango, ndipo pokhapo m'pamene amayamba kukamba za mphepo zamkuntho zimene zimagwera mitengo. Nzeru yake ndi yakuti mwana ayambe waima pouma asadayang'ane madzi amene adafuna kumumiza. Mayi wake womwalira saonekanso ngati dzenje lokha la chisoni, koma ngati tsamba la pamtengo wake, amene adamuphunzitsa kuphika kapena kupemphera.

Nkhani imeneyi ikuonetsa yankho la funso lija. Dongo palokha silichiza, monganso mpeni pawokha suchita opaleshoni. Ana ambiri amaumba ng'ombe kudambo tsiku ndi tsiku, mvula n'kuzisungunula, chisoni chawo n'kukhala chomwecho. Chimene chimapoza ndi chakuti chinthu chobisika chatuluka, ndipo chakumana ndi munthu amene wachilandira bwino. Mwana akanyamula chimene waumba n'kukaonetsa wamkulu, ndiye kuti wagogoda pachitseko m'njira yokhayo imene aidziwa. Motero kulemera konse kwa nkhaniyi kuli pa wamkuluyo. Amene wauza mwana kuti ajambule watenga ngongole, ndipo ngongoleyo ili ndi mbali zinayi.

Mbali yoyamba ndi kuona popanda kupereka malikisi. Kusukulu mwana adazolowera kuti chilichonse chimene walemba chimachongedwa, ndipo chojambula chabwino ndi chimene chafanana ndi cha pabolodi. Koma chithunzi cha mumtima chilibe kukhoza kapena kulakwa. Mphunzitsi amene waseka kuti munthu wojambulidwayo alibe manja, kapena kuti nyumbayo ndi yopindika, watseka chitseko chimene mwina sichidzatsekukanso.

Mbali yachiwiri ndi kufunsa m'malo molosera. Pali chiyeso choti wamkulu asanduke woombeza ula, n'kumati utoto wakuda ukutanthauza imfa, wofiira ukutanthauza magazi. Mwina mwanayo adagwiritsa ntchito makala chifukwa ndiwo adalipo. Kulosera kotere kungathe kunamizira kholo losalakwa, kapena kuika m'mutu mwa mwana maganizo amene adalibe. Mwini tanthauzo ndi mwini chithunzi. Kukwanira kunena kuti, "Tandiuza, mwanawe, awa aima apawa ndani?" Mwana akayankha kuti, "Ndi amayi, aphunzitsi, akuchokera kumunda," wamkulu amvetsere. Akakhala chete, kukhala cheteko kulemekezedwe, pakuti wokakamizidwa kuulula sasiyana ndi wolandidwa.

Mbali yachitatu ndi kudziwa kuti chojambulacho n'cha mwana. Masiku ano foni iliyonse ili ndi kamera, ndipo n'kosavuta kujambula chithunzi cha mwana wamasiye n'kuchiika pa Facebook kuti anthu amve chisoni, kapena kuti athandizi atumize ndalama. Cholingacho chingakhale chabwino, koma mwanayo adapereka chinsinsi chake kwa munthu mmodzi, osati kwa dziko lonse. Kugulitsa misozi ya mwana popanda chilolezo chake ndi cha omulera ndi kuba, ngakhale wakubayo atavala nkhope yachifundo.

Mbali yachinayi ndiyo yovuta kwambiri, chifukwa ikuoneka ngati ikutsutsana ndi yachitatu. Nanga mwana akaulula kudzera m'chithunzi kuti wina wa pakhomo pomwepo amamulowera usiku, napempha kuti zisamveke, wamkulu atani? Akaulula waphwanya chikhulupiriro. Akabisa wamusiya m'kamwa mwa fisi. Yankho lake ndi lakuti chinsinsi chimasungidwa pofuna kuteteza mwana, choncho chikayamba kuteteza womuzunza chataya ntchito yake. Koma ngakhale apo pali njira yaulemu. Wamkulu asalonjeze chimene sangasunge, amuuze mwanayo poyera kuti nkhaniyi ndi yaikulu ndipo iyenera kufika kwa amene angamuteteze, ndipo apite nayo kwa oyenera okha, osati kuchitsime. Dziko lino lili ndi lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la mu 2010, kupolisi kuli nthambi yothandiza ozunzidwa, m'maboma muli alangizi a zachisamaliro cha anthu, ndipo pali nambala yaulere ya 116 yoimbirako nkhani za ana. Chimodzimodzinso mwana amene wasiya kudya, amene akudzivulaza kapena akukamba zodzipha safunikira dongo lokha ayi, koma kuperekezedwa kuchipatala msanga, kaya ku Mitundu, kaya ku Nkhoma, kumene angamuone kapena kumutumiza kwa odziwa za matenda a maganizo. Kudziwa polekezera nzeru zako ndi mbali ya chikondi.

Wina angafunse kuti ngati akatswiri a ntchitoyi ali ochepa m'dziko muno, ana a kumudzi adzathandizidwa ndi yani. Kunena zoona, kuchiza matenda a maganizo ndi ntchito ya ophunzitsidwa, ndipo munthu wamba asadziyese dokotala. Koma kupatsa mwana mpata ndi khutu ndi ntchito ya aliyense. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, lomwe Malawi adalivomereza mu 1991, limanena mu ndime 31 kuti mwana ali ndi ufulu wopuma, wosewera ndi wotenga mbali pa zachikhalidwe ndi zaluso. Phunziro la zaluso lilimo kale m'sukulu za pulayimale, ngakhale kuti nthawi zambiri limasanduka lolemba notsi zoloweza pokonzekera mayeso, manja osakhudza dongo. Mphunzitsi amene walola ana kuumba kwa theka la ola, mtsogoleri wa Sande sukulu kapena wa madrasa amene wawalola kupeka sewero, malume amene wakhala pansi kuyamikira galimoto yamawaya ya mphwake, onsewa atsekula zitseko popanda kutaya tambala.

Nawo ophunzira a ku sekondale ali ndi gawo lawo, mwinanso loposa la akulu. Mwana wamng'ono amaopa bambo, amachita manyazi ndi mphunzitsi, koma mkulu wake kapena mlongo wake wa Fomu 3 amamuyandikira mosavuta. Pa tchuthi, wophunzira wotere akaona mng'ono wake akulemba pansi ndi kamtengo, angathe kumukalipira kuti akudetsa pabwalo posesa kale, kapena angathe kunjuta pambali pake n'kufunsa chimene chikulembedwacho. Kusiyana kwa zinthu ziwirizi ndi kwa mphindi zochepa, koma kwa mwanayo kungakhale kusiyana kwa moyo wonse. Ndiponso wachinyamata yemweyo, amene mtima wake uli ndi zake zolemera, monga mayeso, fizi, chibwenzi kapena imfa ya kholo, asachite manyazi kulemba ndakatulo, kuimba kapena kujambula, n'kuonetsa mnzake wokhulupirika. M'mera m'poyamba: amene waphunzira ali wamng'ono kutulutsa chisoni m'njira yosavulaza sadzafuna botolo kapena chibakera kuti zimulankhulire akadzakula.

Pomaliza, dongo lingapoze mtima wa mwana pokhapokha pali munthu woliyang'ana ndi maso aulemu. Luso si chakudya, si mankhwala a matenda onse, ndipo m'manja mwa wosasamala lingathe kuvulaza. Koma kwa mwana amene mawu adamuchepera ndipo mwambo udamutseka pakamwa, luso ndi chiyankhulo chake choyamba. Akuluakulu omwe aja adatinso mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mudzi umene umakhulupirira mwambi umenewu suyenera kudikira kuti mwana wovutika adzuke yekha kukatsekula chitseko chimene mpiringidzo wake uli patali ndi msinkhu wake. Uyenera kuphunzira kuwerama ndi kuyang'ana zimene timanja take taumba, popeza ana akhala akulankhula nthawi yonseyi, ndipo chimene chakhala chikusowa ndi womva.